Tsoka silinunkha: fumbi la mabomba a nyukiliya ndi anthu amene palibe anawayeza

M'nkhalango ya Karura, kumpoto kwa mzinda wa Nairobi, kumene anthu amakawongola miyendo Loweruka m'mawa, muli makina amene odutsa ambiri sawadziwa. Ntchito yake ndi kumvetsera usana ndi usiku. Amatola phokoso lapansipansi limene khutu la munthu silingamve, limene limayenda mtunda wautali mumlengalenga chinthu chachikulu chikaphulika. Makina ena ali pa phiri la Kilimambogo, kupitirira tawuni ya Thika, ndipo awo amamvetsera kugwedezeka kwa nthaka. Ku Dar es Salaam kuli enanso amene amakoka mpweya tsiku lonse n'kumasefa fumbi lake. Zonse zimene makinawa apeza zimapita ku Vienna, ku bungwe la CTBTO, limene limalondera pangano la 1996 loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya.

Mwina mukuti, nanga ife a Malawi ongosaka ya sopo kunja kuno, zikutikhudza pati? Panganoli mpaka lero silinayambe kugwira ntchito mwalamulo chifukwa mayiko ena akuluakulu sanalivomereze. Mu 2023 dziko la Russia linabweza chivomerezo chake, ndipo mu October 2025 mtsogoleri wa America, Donald Trump, ananena poyera kuti walamula kuti dziko lake liyambirenso kuyesa zida za nyukiliya. Nkhani imene tinkaiona ngati ya m'mabuku a sukulu yadzukanso.

Ine ndine namwino. Kuchipatala kuno, anzanga a ku X-ray ndi a ku wodi ya khansa amavala kabaji pachifuwa. Kabajiko kamawerenga radiation imene thupi lawo lalandira, ndipo pakapita nthawi amakatumiza kukayezedwa, zotsatira zake n'kulembedwa m'faelo. Munthu ameneyu akadzadwala patapita zaka 20, pepala lilipo. Nkhani yonse ya fumbi la mabomba yagona pamenepa, abale anga: ena anayezedwa, ena palibe anawayeza, ndipo osayezedwawo ndi amene anafa opanda wowamvera.

Fumbi limeneli ndi chiyani?

Bomba la nyukiliya likaphulika pafupi ndi nthaka, moto wake umayamwa mchenga, miyala ndi madzi n'kuzikweza kumwamba. Kumeneko zimasakanikirana ndi tizidutswa ta bombalo timene timatulutsa radiation. Fumbi lolemera limagwa pafupi pakangotha maola ochepa. Lopepuka limakwera kutali kumwamba, mphepo n'kulitenga, ndipo limatha miyezi ngakhale zaka likuzungulira dziko lisanatsike ndi mvula. Lilibe fungo, silimveka kukoma kwachilendo m'madzi, ndipo likapepuka silioneka n'komwe. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

M'fumbili muli zinthu zambiri, koma ife a zachipatala timaopa kwambiri zitatu. Choyamba ndi ayodini-131. Amagwera pa msipu, ng'ombe kapena mbuzi n'kudya, mwana n'kumwa mkaka. Thupi silisiyanitsa ayodini wabwino wa mumchere ndi woipayu, ndiye limamutenga n'kukamusunga m'chithokomiro, pakhosi. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 8 aliwonse, kotero pakatha miyezi itatu amakhala atatheratu, koma chilonda chimene wasiya chimadzaoneka ngati khansa mwanayo atakula. Chachiwiri ndi strontium-90. Iyi imafanana ndi calcium, ndiye thupi limaimangira m'mafupa ndi m'mano, pafupi ndi mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. Chachitatu ndi caesium-137, imene imalowa m'minofu ndipo imakhalitsa m'nthaka, m'bowa, m'nyama ndi m'nsomba. Ziwiri zomalizazi zimatenga zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Caesium imene inagwa mu 1963, gawo limodzi mwa magawo anayi la mphamvu yake likadalipo. Plutonium-239 ndiye osanena, imafuna zaka 24,000.

Munthu akalandira radiation yambiri nthawi imodzi amasanza, amatsegula m'mimba, tsitsi limathothoka, magazi amatha, ndipo akhoza kufa m'masabata ochepa. Akalandira yochepa samva kanthu. Amalima, amakwatira, amabereka. Kenako khansa ya m'magazi imatulukira pakapita zaka zingapo, pamene ya m'mapapo, ya m'mawere kapena ya m'mimba imatha kudikira zaka 10, 20 ngakhale 40. Ndipo khansayo ikabwera sibwera ndi chizindikiro chonena kumene yachokera. Dokotala akaiona pa makina, imafanana ndi khansa ina iliyonse.

Kuyambira 1945 mayiko ayesa mabomba oposa 2,000, ndipo oposa 500 anaphulitsidwa mumlengalenga. Pa 1 March 1954 America inaphulitsa bomba lotchedwa Castle Bravo ku Bikini, pa zilumba za Marshall m'nyanja ya Pacific. Pa chilumba cha Rongelap panagwa phulusa loyera, ana n'kumaseweretsa. Anthu anadzawasamutsa patapita masiku awiri, khungu litayamba kale kupsa, ndipo ambiri mwa ana aang'ono a pachilumbacho anadzatuluka zotupa m'chithokomiro. Ku Semipalatinsk, m'dziko la Kazakhstan, boma la Soviet Union linayesa mabomba 456 kuyambira 1949 mpaka 1989, midzi ili pafupi. Malowo anatsekedwa pa 29 August 1991, n'chifukwa chake chaka chilichonse pa 29 August dziko lapansi limakumbukira tsiku lokana kuyesa mabombawa.

Linaphulikanso pa nthaka ya Africa

Ambiri sitinaphunzire kusukulu kuti Africa nayo inalawa. Pa 13 February 1960 dziko la France linaphulitsa bomba lake loyamba, Gerboise Bleue, pafupi ndi Reggane m'chipululu cha Sahara ku Algeria. Mphamvu yake inaposa kanayi ya bomba la ku Hiroshima. Lachiwiri analiphulitsa pa 1 April 1960, tsiku lomwe Kamuzu Banda anatuluka m'ndende ya ku Gweru. Kwathu anthu akuvina, kumpoto kwa Africa fumbi likukwera. Onse pamodzi anakwana 17 pofika 1966: anayi mumlengalenga ku Reggane, ndipo 13 pansi pa mapiri a ku In Ekker. Pa 1 May 1962 phiri linalephera kutsekera bomba lotchedwa Béryl, utsi n'kutuluka n'kukuta asilikali, ogwira ntchito, ngakhalenso nduna ziwiri za boma la France zimene zinabwera kudzaonerera.

Atsogoleri a mu Africa sanakhale chete. Kwame Nkrumah wa ku Ghana anatsekereza chuma cha France m'dziko lake, ndipo mu January 1961 Nigeria inathetsa ubale ndi France. Nthawi imeneyo France inkati m'chipululu mulibe anthu ndipo palibe choopsa. Koma mu 2014 nyuzipepala ya Le Parisien inatulutsa mapu a asilikali amene anabisidwa kwa zaka zoposa 50. Mapuwo anaonetsa kuti m'masiku 13 okha fumbi la bomba loyamba lija linafika ku Chad, ku Mali, ku Central African Republic, mpaka m'mphepete mwa Spain ndi ku Sicily. Mphepo sifunsa pasipoti.

Mu 2010 France inakhazikitsa lamulo lopereka chipukuta misozi kwa amene anadwala. Kuti ulandire uyenera kuonetsa kuti unali pamalo akutiakuti pa nthawi yakutiyakuti, komanso kuti uli ndi imodzi mwa khansa zimene zili pa mndandanda wawo. Tangoganizani: munthu woweta ngamila m'chipululu mu 1960, wopanda chiphaso, wopanda khadi la kuchipatala, amene mkazi wake anamwalira popanda dokotala womuona, pepala lotero alitenga kuti? Anthu a ku Algeria amene alandirapo ndalamazi ndi owerengeka pa zala.

Mano a ana amene anasintha maganizo a atsogoleri

Tiyeni tione kumene anthu anayeza. Ku Hiroshima anthu pafupifupi 140,000 anali atafa pofika kumapeto kwa 1945, ndipo bomba litangophulika kunagwa mvula yakuda imene anthu a ludzu anamwa. Kuyambira 1950 akatswiri akhala akutsatira moyo wa anthu pafupifupi 120,000 a ku Hiroshima ndi Nagasaki, kulemba amene wadwala, chimene wadwala, ndi mtunda umene anali kuchokera pamene bomba linagwa. Zambiri zimene ife anamwino timaphunzira za radiation ndi khansa zinachokera m'kaundula ameneyu.

Ku St. Louis, ku America, madokotala ndi makolo anachita chinthu chosavuta. Ife tili ana dzino likaguluka tinkaliponya padenga. Iwo kuyambira 1958 anapempha ana kuti azitumiza mano awo kuti akayezedwe, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi anali Dr Louise Reiss. Anatolera mano oposa 300,000. Anapeza kuti strontium-90 ikuchulukirachulukira m'mano a ana chaka ndi chaka, ndipo ana obadwa mu 1963 anali nayo yochuluka pafupifupi ka 50 kuposa obadwa mu 1950. Zotsatira zoyamba zinathandiza kukankha atsogoleri, ndipo mu 1963 America, Britain ndi Soviet Union anasayina pangano losiya kuyesa mabomba mumlengalenga ndi m'madzi. Mu 1990 America inavomera kulipira anthu amene ankakhala kumene mphepo ya ku Nevada inkalowera, komanso amene ankakumba uranium. Analimbana zaka zambiri, inde, koma anali ndi manambala m'manja.

Kodi fumbili linafika kwathu?

Linafika, monga linafikira dziko lililonse, koma lochepa. Mabomba ambiri anaphulika kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo mphepo ya kumpoto sisakanikirana msanga ndi ya kummwera. Komiti ya United Nations yofufuza za radiation, UNSCEAR, imene ofesi yake ili pansi pa bungwe la UNEP la ku Gigiri kuno ku Nairobi, inawerengera kuti mu 1963, chaka chimene fumbili linachuluka kwambiri, munthu wamba padziko lapansi analandira pafupifupi 0.11 millisievert. Lero ndi pafupifupi 0.005 pa chaka. Pamene radiation yachilengedwe, yochokera m'nthaka, m'miyala, m'zakudya ndi kumwamba, imatipatsa pafupifupi 2.4 chaka chilichonse. Ndiye wina asakunamizeni pa WhatsApp kuti khansa ya azakhali anu ku Ntcheu inabwera ndi bomba la azungu. Khansa imene ikutha amayi kwathu ndi ya khomo la chiberekero, ndipo imeneyo ili ndi katemera komanso amaiyeza m'zipatala zathu.

Komabe chigawo chathu chino sichinali kutali ndi mabombawa. Gawo lalikulu la uranium imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba ake oyamba linachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Kuyambira 1952 migodi ya golide ya ku Joni inayamba kupatula uranium m'miyala yomweyo n'kumagulitsa ku America ndi Britain. Amene ankaswa miyalayo pansi pa nthaka ndani? Ena mwa iwo anali agogo athu ndi amalume athu amene anapita pa Wenela. Anabwerako ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Mpaka lero tikuona madala akuzungulira m'maofesi ndi timapepala tong'ambika, kufuna kutsimikizira kuti anagwiradi ntchito kumeneko. Dziko la South Africa lenilenilo linadzapanga mabomba 6 n'kuwaphwasula lokha, ndipo F.W. de Klerk anaulula zimenezi mu March 1993.

Kuno ku Kenya kuli nkhani ina yoti tiphunzirepo, ngakhale si ya bomba. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya ku America ya Amoco inakumba zitsime zofufuza mafuta ku Kargi ndi madera ena a ku Marsabit, kumpoto kwa dziko lino. Anthu a kumeneko, amene ambiri ndi oweta ziweto, akhala akudandaula kuti pamalopo panasiyidwa zinyalala zapoizoni zimene zinaononga madzi, kuti ziweto zinafa ndipo abale awo akutha ndi khansa ya kummero ndi ya m'mimba. Nkhaniyi inafika kukhoti. Vuto lake ndi lomwe lija: kuti utsimikize kuti khansa yachuluka, uyenera kudziwa mmene inalili poyamba. Kaundula wa khansa wa mzinda wa Nairobi anayamba mu 2001, zitsimezo zitakumbidwa kalekale, ndipo Marsabit ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera kuno. Khansa ya kummero ndi yofalanso kwathu ku Malawi, kumene kulibe zitsime zoterozo. Popanda manambala akale, wodandaula ndi wodandaulidwa aliyense amangokoka chingwe mbali yake, odwala akupita kumanda.

Kayelekera: tiyeze lero

Pa mapepala dziko lathu lili bwino. Malawi inavomereza pangano loletsa kuyesa mabomba mu 2008, ili m'pangano la Pelindaba limene linayamba kugwira ntchito mu 2009 loletsa zida za nyukiliya mu Africa, ndipo mu June 2022 inavomereza pangano loletseratu zidazi. Tilinso ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011 ndi bungwe la AERA loyang'anira za radiation.

Mayeso athu ali ku Karonga. Mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa boma la Karonga, unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009 ndipo unaima mu 2014 mitengo itagwa. Kampani ya Lotus Resources inaugula mu 2020 n'kuyambanso kukumba mu 2025. Tinene mosapsatira: mgodi si bomba, ndipo uranium ya ku Kayelekera ndi yopangira magetsi. Kumgodi kulibe ayodini-131 kapena strontium-90. Zoopsa zake ndi zina: fumbi la miyala, mpweya wa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndi zotsalira zimene zimaunjikidwa m'madamu. Madzi a m'deralo amatsikira mumtsinje wa Sere, n'kulowa mu North Rukuru, n'kukathera m'nyanja ya Malawi, mmene mumachokera usipa umene amatitumizira kunja kuno. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linalemba kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ya ku Karonga sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi ndi zina zokhudza umoyo wawo.

Ntchito tikuifuna, ndalama zakunja tikuzifuna. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake tiyenera kuwadziwa. Madzi, nthaka, nsomba ndi mpweya ziziyezedwa ndi anthu osalipidwa ndi kampani, zotsatira zizikhomedwa pa chipatala ndi pabwalo la mfumu m'chinenero chimene anthu amamva. Wogwira ntchito aliyense azivala kabaji kaja ndipo azipatsidwa pepala lake pochoka. Kaundula wathu wa khansa, amene mphamvu zake zili ku Blantyre, afike ku Karonga lero, anthu asanayambe kudwala. Izi sizifuna ndalama zochuluka ngati kumanga chipatala. Zimafuna mlembi wophunzitsidwa, kompyuta, ndi boma losaopa manambala.

Nanga ife a kunja?

Choyamba, amene mumagwira ntchito ku X-ray, ku wodi ya khansa, m'migodi, m'mafakitale a zitsulo kapena mosamalira zinyalala za kuchipatala, valani kabaji kanu ndipo pemphani kope la zotsatira zake musanasinthe ntchito kapena kubwerera kumudzi. Lisungeni pamodzi ndi pasipoti. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, ambiri a ife tili m'mayiko amene ali ndi zida kapena malo opangira magetsi a nyukiliya: ku Britain, ku America, ku Middle East, ku Cape Town. Ngozi itachitika, malangizo ake ndi achidule. Lowani m'nyumba yolimba, pakatikati kapena chipinda chapansi, tsekani mawindo, ndipo mukhalemo maola osachepera 24 mukumvera wailesi, chifukwa fumbili limaopsa kwambiri m'maola oyambirira. Ngati munali panja, vulani zovala zapamwamba n'kuzimanga m'pulasitiki. Kutero kokha kumachotsa gawo lalikulu la fumbi. Sambani ndi sopo osakhula khungu mwamphamvu. Idyani ndi kumwa zokhazo zimene zinali zotsekedwa. Mapiritsi a potassium iodide amateteza chithokomiro chokha, ndipo amamwedwa pokhapokha a zaumoyo atalengeza. Musamwe mankhwala a ayodini opaka pabala, ndi poizoni.

Chachitatu, mantha a bomba asatichititse kukana chithandizo. M'mawodi ndimakumana ndi odwala amene amachedwa kubwera chifukwa achibale anawauza kuti makina a radiotherapy amawotcha munthu. Radiation ya kuchipatala ndi yoyezedwa, imalunjika pa chotupa, ndipo yapulumutsa anthu ambiri. Kwa zaka zambiri odwala athu ankadikira ulendo wa ku India, ku Tanzania kapena kuno ku Kenya kuti aipeze. Tsopano ikupezeka ku Lilongwe, pa chipatala cha khansa cha pa Kamuzu Central. Mayi anu akauzidwa kuti apite, alimbikitseni, atumizireni ya thiransipoti.

Pomaliza, tili ndi mawu. M'magulu athu a pa WhatsApp muli anamwino, madokotala, mainjiniya ndi maloya, ndipo timasonkha ndalama za maliro mwezi ndi mwezi. Gulu limodzi lokha likhoza kulembera phungu wa ku Karonga, a AERA ndi a unduna wa zaumoyo mafunso atatu: madzi a mu Sere anayezedwa liti, anayeza ndani, ndipo zotsatira zake munthu wa m'mudzi angaziwerenge kuti? Woweta ngamila wa ku Reggane analibe wachibale wodziwa kulemba kalata yotere. Anthu a ku Kayelekera ali nafe.